Gawo la Mtsinje Lipatulidwe Poyamba

 Ndikulankhula nanu pawailesi kuchokera kuno ku Highridge, m'tauni yathu ya Kabwe. Nkhani ya lero ndi ya madzi a m'mitsinje: amene amawatenga, amene amawagawa, ndi amene amatsala kuti apitirire ulendo wa kumunsi.

Tiyambe ndi malo amene takhalapowa. Tauni ya Kabwe ili pamsana pa dziko, pamene madzi amasiyana njira. Mvula ikagwa chakumadzulo, madzi ake amatsetsereka kupita ku dambo lalikulu la Lukanga, kuchoka kumeneko n'kukalowa mu Kafue. Ikagwa chakum'mawa, amatsata timakwawa topita ku Mulungushi, Mulungushi n'kukathira mu Lunsemfwa, Lunsemfwa n'kukathira mu Luangwa. Mtsinje wa Kafue umakumana ndi Zambezi kufupi ndi Chirundu. Wa Luangwa umakumana naye ku boma la Luangwa, kumene achikulire amakutchabe kuti Feira, moyang'anizana ndi Zumbo wa ku Mozambique. Choncho ife a Kabwe ndife a kumtunda mbali zonse ziwiri. Chimene tichita ndi madzi kuno chimakamveka kwa msodzi wa ku Lukanga, kwa woweta ng'ombe wa ku Namwala, kwa mlimi wa m'chigwa cha Luano, ngakhale kwa munthu wa ku Tete amene dzina loti Kabwe sanalimvepo.

Vuto la munthu wa kumtunda n'lakuti saona zimene zikuchitika kumunsi. Iye akatunga, mtsinje umaoneka wodzaza ndithu pamene waimapo. Kuuma kumakaonekera kutali, patapita miyezi, pakati pa anthu amene alibe njira yobwerera kuno kudzadandaula.

Kugawa madzi a mtsinje si nkhani yachilendo kwa ife. Damu la Mulungushi linatsegulidwa m'chaka cha 1925, ndipo amene analimanga ndi eni mgodi wa Broken Hill, pofuna magetsi oyendetsera ntchito yawo ya mtovu ndi zinki. Ndi limodzi mwa madamu akale kwambiri opangira magetsi m'chigawo chino cha Africa. Pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1950, anamanganso damu la Mita Hills pa mtsinje wa Lunsemfwa. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma madamuwo alipobe, ndipo lero akuyendetsedwa ndi kampani ya Lunsemfwa Hydro Power, imene imapanga mamegawati oposa 50. M'masiku amene madamuwa ankamangidwa, funso linali limodzi lokha: mgodi ukufuna madzi ochuluka bwanji? Palibe ankafunsa kuti mtsinjewo pawokha ukufuna ochuluka bwanji.

Tsono onani amene akupikisana pa madzi omwewo lero. Kumtunda, m'dera la mafamu la Mkushi, kuli alimi akuluakulu olima tirigu m'nyengo yozizira, pamene mvula kulibe. Amanga madamu ambiri pa timitsinje tothira mu Lunsemfwa, ndipo amathirira ndi makina aja oyenda mozungulira m'munda. Buledi amene ana athu amanyamula popita kusukulu, gawo lake limachokera kumeneko. Chakumunsi kwawo kuli opanga magetsi, amene amafuna damu lodzaza kuti makina asaime m'mwezi wa Okutobala. Pali tauni yathu ino, imene imamwa madzi a Mulungushi ndi a pansi pa nthaka, operekedwa ndi kampani ya madzi ya Lukanga. Pali amayi a madimba, amene repu ndi tomato wawo timagula pamsika. Aliyense mwa amenewa ali ndi chifukwa chomveka. Sindinabwere pano kudzanena kuti mlimi wa tirigu ndi wakuba, kapena kuti wopanga magetsi ndi mdani. Onsewa tikuwafuna.

Koma pamndandandawu pakusowa mmodzi. Onse ndatchulawa ali ndi pakamwa. Ena ali ndi mapepala a chilolezo, ena ali ndi maloya, ena ali ndi aphungu owalankhulira. Amene alibe pakamwa ndi mtsinje weniweniwo ukatsika m'zigwembe kulowa m'chigwa cha Luano: nsomba zake, bango lake, maiwe ake mmene mvuu zimabisala dzuwa likaswa mtengo, mchenga wake wonyowa umene amayi amafukula kuti apeze madzi m'chilimwe. Tikamati zachilengedwe za kumunsi, ena amaganiza kuti tikunena zosangalatsa alendo obwera ndi makamera. Ayi ndithu. Tikunena ndiwo za pa mbale ya mwana, udzu wofolera nyumba, bango la mphasa, msipu wa ng'ombe, ndi dothi lachonde limene madzi osefukira amasiya m'dimba popanda wina kulipira feteleza.

Lamulo la dziko lathu linaiganizira nkhani imeneyi. Mu 2011 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo loyendetsera madzi, lamulo nambala 21 la chaka chimenecho, kulowa m'malo mwa lamulo lakale la nthawi ya atsamunda. Lamulo limeneli ndi limene linabala bungwe la WARMA, loyang'anira madzi onse a m'dziko muno, a pamwamba ndi a pansi pa nthaka omwe. Linagawa dziko m'zigawo 6 potsata mitsinje: Zambezi, Kafue, Luangwa, Luapula, Chambeshi ndi Tanganyika. Ndipo muli mfundo imodzi imene ndikufuna aliyense womvera aigwire. Lamulo limati pa mtsinje uliwonse pakhale gawo losungidwa, gawo losakhudzidwa, la zinthu ziwiri: madzi amene anthu amafunika kuti amwe, aphike ndi kusamba, ndi madzi amene zamoyo za mumtsinjemo zimafunika kuti zisafe. Dziko la South Africa linaika mfundo yomweyi m'lamulo lake la madzi mu 1998, ndipo maiko ambiri anatengerapo.

Mlimi aliyense amadziwa tanthauzo la zimenezi. Akakolola, amayamba wapatula mbewu, kenako banja n'kumadya zotsalazo. Sayamba kudya kuti zimene zidzatsale pansi pa nkhokwe ndizo adzabzale. Gawo la mtsinje ndi mbewu imeneyo. Lipatulidwe poyamba, zilolezo za mafamu, migodi ndi magetsi zibwere pambuyo. Koma mmene zinthu zimayendera kawirikawiri, m'dziko muno ndi kwina konse, aliyense amatenga kaye gawo lake, ndipo zotsala, zikakhalapo, ndizo amati ndi za mtsinje.

Kuti muone kumene njira imeneyo imathera, tiyeni tipite ku zigwa za Kafue, pakati pa Itezhi-Tezhi ndi Kafue Gorge. Ndikhalitsapo pang'ono pamenepa, chifukwa phunziro lake n'lathu.

Zigwa zimenezi ndi dziko lathyathyathya lotalika makilomita oposa 200, lalikulu pafupifupi masikweya kilomita 6,500. Kuyambira kalekale, chaka chilichonse mvula ikagwa ku Copperbelt, mtsinje unkasefukira pang'onopang'ono n'kumiza chigwa chonse, madzi n'kufika pachimake cha m'ma Malichi ndi Epulo. Kenako ankaphwa pang'onopang'ono, n'kusiya msipu wobiriwira kumbuyo. Moyo wonse wa kumeneko unkayenda ndi kalendala imeneyi. Nsomba zinkatuluka mumtsinje kukaswana m'udzu womizidwa, mmene tiana take timapeza chakudya ndi pobisala. Madzi akamabwerera, a Ila ndi a Tonga ankatsitsa ng'ombe zawo kuchoka kumtunda kukadya msipu watsopano. Mwambo wa Shimunenga wa ku Maala, m'boma la Namwala, umene umadziwika ndi ng'ombe zowoloka madzi, unabadwira m'moyo umenewu. Ndipo panali nyama ya lechwe ya ku Kafue, mbawala yokonda madzi imene sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi, imene imadya udzu wa m'mphepete mwa madzi, kuwatsatira akamakwera ndi akamaphwa.

Kenako kunabwera madamu awiri. La Kafue Gorge linamangidwa kumunsi kwa chigwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. La Itezhi-Tezhi linamalizidwa kumtunda chakumapeto kwa zaka zomwezo, ndipo ntchito yake ndi kusunga madzi a dzinja kuti aziwatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe, makina a ku Gorge asasowe madzi. Kumbali ya magetsi, nzeru imeneyi inagwira ntchito. Kumbali ya chigwa, kalendala inatembenuka. Nthawi imene chigwa chimafuna kumira, madzi amatsekeredwa m'damu. Nthawi imene chimafuna kuuma kuti udzu uphuke, madzi amatulutsidwa. Malo ena amene ankamira chaka ndi chaka anasiya kumira, ena amene ankauma anasanduka maiwe osaphwa.

Mvetsetsani apa, omvera. Mtsinje wa Kafue sunaume. Mukawerenga madzi onse odutsa pa chaka, mupeza kuti ambiri akudutsabe. Chimene chinasokonekera ndi nthawi yake. Mtsinje sufuna kuchuluka kokha kwa madzi, umafunanso kuti abwere pa mwezi woyenera, asefukire nthawi yosefukira, aphwe nthawi yophwa. Nsomba siiswana chifukwa choti pa chaka padutsa madzi okwanira. Imaswana chifukwa madzi akwera pa nyengo imene thupi lake likuwadikira.

Zotsatira zake zinalembedwa ndipo n'zodziwika. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, lechwe za ku Kafue zinali pafupifupi 100,000. Atawerenga mu 2015 anapeza kuti sizikukwana 30,000. Kupha nyama mozembera lamulo kuli ndi mbali yake yaikulu pamenepa, zimenezo sitingabise, koma kutha kwa msipu nako kuli ndi mbali yake. Chitsamba chaminga chotchedwa mimosa, chochokera ku America, chinapeza mpata n'kudzaza malo aakulu m'nkhalango yotetezedwa ya Lochinvar, moti nyama, ng'ombe ndi mbalame zinasowa podutsa. Papita ndalama zambiri ndi thukuta la anthu ambiri pochizula ndi manja.

Chimene chimandikhudza kwambiri m'mbiri imeneyi n'chakuti omanga damu la Itezhi-Tezhi ankadziwa. M'malamulo oyendetsera damulo munalembedwa kuti mwezi wa Malichi chaka chilichonse azitulutsa madzi okwana makiyubiki mita 300 pa sekondi iliyonse, kuti chigwa chimire monga kale. Kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, kapena kuti migolo 5 ya malita 200. Ndiye tikunena migolo 1,500 pa sekondi, mwezi wathunthu, yoperekedwa kwa udzu, nsomba ndi ng'ombe. Imeneyo inali nzeru yotsogola pa nthawi yake. Koma m'zaka zina, makamaka za mvula yochepa, lonjezolo silinasungidwe mokwanira, chifukwa magetsi ankaoneka ofunika kuposa chigwa. Mu 2004, boma, kampani ya magetsi ya ZESCO ndi bungwe loteteza zachilengedwe la WWF anagwirizana njira zatsopano zotulutsira madzi motsanzira kusefukira kwachilengedwe. Pepala labwino lilipo. Mayeso ake enieni amabwera chaka cha chilala.

Ndipo chaka choterocho tachiona ndi maso athu. Pa 29 Febuluwale 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Chimanga cha pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chinapserera m'minda. Nyanja ya Kariba inatsika mpaka makina a magetsi a mbali yathu anatsala pang'ono kuimiratu. Kuno ku Kabwe, ngati kwina konse, magetsi ankatha kuzima maola oposa 20 pa tsiku. Wowotcherera zitsulo anakhala manja lende. Wometa anatseka shopu. Chigayo chinkalira pakati pa usiku, amayi n'kumadzuka ndi matumba a chimanga pamutu kuthamangira kamphindi ka magetsiko. Mapampu a madzi nawo anaima, mipopi n'kuuma. Tsono wina atha kundifunsa kuti: inu a pawailesi, m'chaka chotero mukufuna titaye madzi a m'damu kuti achule asangalale?

Funso limeneli ndi lolemera, ndipo sindilipeputsa. Munthu amene bizinesi yake inagwa chifukwa cha mdima ali ndi ufulu wolifunsa. Yankho langa ndi ili. M'chaka cha chilala aliyense achepetse, mtsinje nawo uchepetse, chifukwa ngakhale kale kusanabwere madamu, zaka zouma zinkakhalapo ndipo mtsinje unkapirira. Koma kuchepetsa n'kosiyana ndi kulanda zonse. Woweta ng'ombe wa ku Namwala chilala chomwecho chinamukhudza, ndipo chigwa ndicho chinali pothawira pake pomaliza. Msodzi amene chimanga chake chinauma, nsomba ndiyo inali chakudya chake ndi ndalama yake. Tikatseka madzi onse kuti m'tauni muwale, ndiye kuti tachotsa njala m'tauni n'kukaitula kumudzi, kwa anthu amene ambiri mwa iwo nyumba zawo sizinalumikizidwepo ku magetsiwo. Chilungamo chake chili pati?

Komanso chilala cha 2024 chinatiphunzitsa kuti kusenzetsa mitsinje katundu yense wa magetsi n'kudziika pangozi tokha. Magetsi oposa magawo 80 pa 100 alionse m'dziko muno akhala akuchokera ku madzi. Mu 2025 anatsegula malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 100 ku Chisamba, pafupi ndi ife pompano. Megawati iliyonse yochokera ku dzuwa masana ndi madzi amene atsala m'damu, ndipo madzi otsalawo ndi amene angapatse woyendetsa damu mpata wotulutsa gawo la chigwa m'mwezi wa Malichi popanda kuopa mdima wa Okutobala. Amene amakonda mitsinje ayenera kukhala patsogolo pofuna magetsi a dzuwa.

Tibwerere kufupi ndi kwathu, ku Lukanga. Dambo limeneli lili makilomita pafupifupi 50 kumadzulo kwa tauni yathu, ndipo mu 2005 linalembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, ndi kukula kwa mahekitala 260,000. Ambiri a ife timalidziwa chifukwa cha nsomba zimene zimafika pamsika. Koma ntchito yake yaikulu siioneka. Kafue akasefukira, madzi ena amalowa m'dambomo n'kukhala m'bango ndi m'gumbwa, matope ndi zonyansa n'kudikha pansi. Mtsinje ukayamba kutsika, dambo limabweza madziwo pang'onopang'ono. Ndi damu limene palibe analimanga, ndi sefa imene palibe amailipira. Anthu a ku Lusaka, amene gawo lalikulu la madzi awo limapopedwa mu Kafue pa Iolanda, ndi alimi a nzimbe a ku Nakambala ku Mazabuka, onsewo amadyera Lukanga ngakhale sanapondeko. Tikalola kuti mitengo yozungulira dambo ithe ndi makala, timitsinje tolidyetsa titsekedwe mwachisawawa, bango lizitenthedwa chaka ndi chaka, tidzafunika mabiliyoni kuti timange chinthu chogwira theka chabe la ntchito imene dambo likugwira ulele.

Pali mbali inanso ya nkhaniyi. Lamulo lija likamanena za gawo losungidwa, silinena za kuchuluka kokha, limanenanso za ukhondo wa madziwo. Pa 18 Febuluwale 2025, damu la zinyalala za mgodi la kampani ya Sino-Metals Leach ku Chambishi linagumuka. Malipoti oyamba anati malita pafupifupi 50 miliyoni a madzi a asidi analowa mumtsinje wa Mwambashi, kenako mu Kafue. Nsomba zinafa n'kuyandama mtunda wautali kumunsi, minda ya m'mphepete inapsa, mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi kwa masiku, ndipo ndege za asilikali zinachita kuthira laimu mumtsinje pofuna kupha mphamvu ya asidiyo. Madzi akupha, ngakhale atadzaza mpaka m'gombe, sitinganene kuti tapereka gawo la mtsinje. Ndipo mtsinje umene tauchepetsa kale madzi ndi umene umalephera kusungunula zoipa zikalowamo.

Ife a Kabwe sitifunika kuuzidwa zambiri pa nkhani yotere. Mgodi unagwira ntchito kuno zaka pafupifupi 90, chuma chake chinapita kumene chinapita, ndipo mtovu unatsala m'dothi la ku Kasanda, Makululu, Chowa ndi madera ena, mpaka kulowa m'magazi a ana amene anabadwa mgodiwo utatsekedwa kale. Tikudziwa kuwawa kwake kolandira zotsalira za phindu la ena. Mtundu wa anthu umene unamva kuwawa kotero suyenera kuchitira anzawo a kumunsi zomwezo.

Tsopano ndilankhule ndi anansi anga a kuno ku Highridge, ndi a m'madera ena a mipanda ikuluikulu. Ambiri takumba zitsime zakuya za makina m'mayadi mwathu, taika matanki pamwamba, ndipo timaona ngati madzi amenewo ndi athuathu, osakhudzana ndi mtsinje uliwonse. Sizili choncho. Madzi a pansi pa nthaka ndi amene amadyetsa timitsinje m'chilimwe. Mvula ikasiya mu Epulo, khwawa limene mumaliona likuyendabe mu Sepitembala likumwa madzi otuluka pansi. Aliyense akamapopa mmene angathere, wina kuthirira kapinga usana wonse, wina kutsuka galimoto ndi paipi yosatseka, madzi apansiwo amatsika, ndipo amene amayamba kumva ndi mayi wa chitsime chosaya ku komboni, kenako khwawa, kenako mtsinje. N'chifukwa chake kuyambira mu 2018 malamulo amafuna kuti zitsime zoterezi zizilembetsedwa ku WARMA, ndiponso kuti okumba akhale ndi chilolezo. Ena anadandaula kuti boma likufuna kutilipiritsa madzi a Mulungu. Ine ndikuti, chinthu chimene sunachiwerenge sungachigawe mwachilungamo. Kalembetseni chitsime chanu.

Mfundo yomweyi ikhudzanso mapaipi. Malipoti a bungwe la NWASCO, loyang'anira makampani a madzi, akhala akusonyeza kuti m'dziko muno pafupifupi theka la madzi amene makampani amapopa ndi kuyeretsa salipiridwa, ena amatayika m'mapaipi obooka, ena amabedwa. Madzi amenewo anachotsedwa mumtsinje kapena pansi pa nthaka, anathiridwa mankhwala, anakankhidwa ndi magetsi, n'kukathera m'ngalande. Tisanapemphe gawo lina kumtsinje, titseke kaye mabowo amenewa. Mukaona paipi yaphulika mumsewu wanu, musangoilambalala, kanenani.

Pali umboni woti anthu wamba akalankhula zinthu zimasintha. Panali ganizo lomanga damu la magetsi pa Ndevu Gorge, pa mtsinje wa Luangwa, umodzi mwa mitsinje italiitali yotsala m'chigawo chino imene ikuyendabe yosatsekedwa. Mafumu, anthu a m'chigwa ndi mabungwe anakana, anthu pafupifupi 200,000 anasaina chikalata, ndipo mu 2019 boma linaimitsa ganizolo. Luangwa ameneyo amamwa madzi a Lunsemfwa ndi Mulungushi wathu. Sizingathandize kumuteteza ku damu limodzi lalikulu kwinaku tikumuumitsa pang'onopang'ono ndi timadamu tambirimbiri tosawerengedwa kumtunda kuno. Ndipo kupitirira malire athu, abale athu a ku Mozambique anaona kale zimene zimachitika: chimangidwire damu la Kariba mu 1959 ndi la Cahora Bassa mu 1974, kusefukira kwa pachaka kumathiriro a Zambezi kunachepa, madambo a ku Marromeu anayamba kuuma, ndipo usodzi wa m'mphepete mwa nyanja yamchere unakhudzidwa.

Ndiye tichite chiyani? Kwa a WARMA pempho langa n'lakuti gawo losungidwa lija lisakhale mawu a m'buku la malamulo okha. Pa Mulungushi, pa Lunsemfwa, pa timitsinje todyetsa Lukanga, tiuzeni manambala: mwezi wakuti, pamalo pakuti, madzi osachepera akuti ayenera kudutsa. Manambalawo alengezedwe pawailesi m'zinenero zathu, amatidwe pa ofesi ya khonsolo ndi ku mabwalo a mafumu, kuti mphunzitsi wa kumudzi kapena msodzi athe kuyang'ana pa chipilala choyezera madzi n'kudziwa ngati lonjezo lasungidwa. Mndandanda wa amene ali ndi zilolezo, ndi kuchuluka kwa madzi amene aliyense analoledwa, ukhale poyera. Wotunga moposa muyezo, kaya ndi wa famu yaikulu kaya ndi wa mgodi, lamulo limugwire mofanana ndi mmene lingagwirire munthu wamba. Ndipo aphungu athu aonetsetse kuti bungweli lili ndi ndalama zoyezera mitsinje ndi zoyendera madamu, chifukwa woyang'anira wopanda galimoto ndi zida sangateteze kanthu.

Lamulo lija la 2011 linatsegula khomo loti ogwiritsa ntchito madzi a mtsinje umodzi apange bungwe lawo ndi kukhala nawo pokambirana za kagawidwe. Khomo limenelo si la eni mafamu akuluakulu okha. Amayi a madimba, asodzi, oweta ziweto, mafumu a Alenje, Aswaka ndi Alala amene mitsinjeyi imadutsa m'dziko lawo, mipingo, aphunzitsi ndi ophunzira a pa yunivesite ya Mulungushi amene ali ndi luso loyeza madzi, nonsenu mpando wanu ulipo. Mukapanda kukhalapo, madzi adzagawidwa ndithu, koma adzagawidwa ndi okhawo amene anabwera.

Choncho, omvera anga, sabata ino funsani khansala wa dera lanu funso limodzi: kodi pa mtsinje umene timamwa, gawo losiyira a kumunsi ndi lochuluka bwanji, ndipo amaliyeza ndani? Akapanda kuyankha, mufunseni phungu. Musatope kufunsa mpaka nambalayo itatuluka poyera.